Ndaika mathread 50 koma pulogalamu ikukwawabe, vuto lili pati?

Dalitso
Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Ndabwera ndi kanthu kamene kakundisowetsa tulo. Ndinalemba pulogalamu ya Python yowerengera malonda a pashopu ya amalume anga ku Kamwala. Zonse zili mu fayilo ya CSV, mizere yosawerengeka, ya zaka zingapo. Pa mzere uliwonse pulogalamu imachotsa msonkho, imayang'ana mtengo wa tsikulo, kenako imaphatikiza pa total imodzi. Inkachedwa kwambiri, ndiye ndinati ntchitoyo ndiigawire mathread 50. Laputopu ndi i5 ya macore 4 (tizigawo ta purosesa togwira ntchito patokha), ngakhale Task Manager imaonetsa timabokosi 8. Palibe chasintha, mwinanso yayamba kukwawa kuposa kale, ndipo CPU yangokakamira pa 13%. Chimene chikundiopsa kwambiri n'chakuti total sikukhazikika. M'mawa ibwera nambala ina, masana ina, fayilo ili yomweyo. Amalume ayamba kundifunsa mafunso achilendo. Kodi ndi Windows, kapena laputopu yatha?

Mabvuto
Kkkkk mathread 50 pa macore 4! Bwera nayo ku town boyi ndikaichotse fumbi, Okutobala uno makina onse akulira ndi kutentha.

Tikambenji
Ba Mabvuto musamudyere ndalama mwana, fani ilibe mlandu apa. Dalitso, gawa 100 ndi 8. Upeza 12.5, imene Task Manager ikukuonetsa ngati 13%. Ndiye kuti mathread ako onse 50 akusinthana pamalo amodzi okha mwa 8 aja, enawo akungokhala. Python imene ambirife timagwiritsa ntchito, CPython, ili ndi loko imodzi yaikulu yotchedwa GIL. Thread yofuna kuyendetsa code ya Python iyenera kuyamba yatenga lokoyo, ndipo pa process yonse imakhala imodzi basi. Thread ikaigwira kwa mamilisekondi 5 ina ikudikira, imauzidwa kuti iisiye. Windows ikufuna kuwamwaza mathread akowo pa macore onse, koma ikawapeza 49 ali mtulo podikira loko, itani nawo?

Dalitso
Ndiye kuti mathread a Python ndi abodza, sisi?

A Phiri a ku Chilenje
Ayi mwana wanga, si abodza. Ndi enieni, ndipo kernel, mtima wa operating system, imawadziwa onse. Ndiloleni ndiyambire patali pang'ono, chifukwa funso ili limabwera pagulu pano chaka ndi chaka.

Ukatsegula pulogalamu, operating system imaipatsa malo akeake mu memori, pamodzi ndi mafayilo amene yatsegula. Zonsezo ndiye process. Thread ndi imene imayenda m'kati mwa malowo n'kumachita malangizo. Iliyonse ili ndi stack yake (posungira ma variable a function zimene ikuyendetsa), maregister ake (timalo ta m'purosesa tosungira manambala amene ikugwiritsa ntchito panthawiyo), ndi chizindikiro cha pamene yafika mu code. Zina zonse n'zogawana. Variable ya global imene thread yoyamba ikuona ndi yomweyo imene ya 50 ikuona.

Tsono pakompyuta yako pali mathread masauzande, tsegula Task Manager pa Performance uone wekha. Ambiri ali mtulo, akudikira kiyibodi, netiweki kapena disiki. Ochepa amene ali okonzeka amaima pamzere, ndipo gawo la kernel lotchedwa scheduler ndi limene limasankha wolowa pa core. Pali kawotchi kamene kamalira pafupipafupi. Kakalira, kernel imayang'ana ngati amene ali pa core watha nthawi yake, ndipo akatha imasunga maregister ake, n'kubwezeretsa a wina. Context switch ndi imeneyo.

Taganizirani chigayo cha makina anayi. Mukabweretsa anthu 50 ndi matumba awo a chimanga, ufa sutuluka msanga chifukwa choti anthu achuluka. Mwini chigayo akafunanso kusangalatsa aliyense, n'kumati uyu agayeko chidebe chimodzi atsike, alowe wina, nthawi imathera potsitsa ndi kukweza matumba. Pakompyuta kusinthako pakokha n'kwa mamaikrosekondi ochepa chabe. Chowawa chenicheni chimabwera pambuyo pake: thread yolowa kumene imapeza cache ya core, kamemori kofulumira ka m'purosesa, itadzaza data ya mnzake, n'kuyambanso kutenga yake ku RAM, kumene kumachedwa kwambiri poyerekeza ndi cache. Kwa Dalitso zaipiratu chifukwa GIL yazimitsa makina atatu, anthu 50 onse akulimbirana amodzi.

Mayi Zulu
Zikomo a Phiri. Ine ndikhudze za total, chifukwa kuchedwa amalume angakupirire, koma nambala yabodza ingakudanitse ndi abale. Dalitso, ndikuganiza kuti unalemba chinthu chonga total += werengera(mzere). Ndi choncho?

Dalitso
Eee mayi, ndendende. Mwaona bwanji?

Mayi Zulu
Ana anga m'kalasi amalemba zomwezo chaka chilichonse. Mzere umenewo m'maso ukuoneka chinthu chimodzi, koma kompyuta imauchita m'magawo. Imayamba yawerenga total imene ilipo, imapita kukayendetsa werengera, imaphatikiza, kenako imalemba yankho. Tiyerekeze total ili pa K1000. Thread A yawerenga 1000, isanamalize yalandidwa mpata. Thread B yawerenganso 1000, yaphatikiza 200, yalemba 1200. A yadzuka, m'manja mwake mudakali 1000 yakale ija, yaphatikiza 50, yalemba 1050. K200 ya B yasowa, popanda error iliyonse. Imeneyi ndi race condition, ndipo sibwera mofanana kawiri chifukwa scheduler sidula pamalo amodzimodzi tsiku lililonse. GIL sikuteteza ku zimenezi. Iyo imateteza zam'kati mwa Python, masamu ako sikuwadziwa.

Ukhoza kuika Lock pophatikizapo, loko yolola thread imodzi yokha kulowa nthawi imodzi, total ikhala yolondola. Koma ine ndimakonda njira yosagawana chilichonse: aliyense akhale ndi total yakeyake, pomaliza mmodzi aziphatikize zonse. Palibe wodikira mnzake, palibe wofafaniza za mnzake.

Chikondi
Komanso chotsa Windows uike Ubuntu, mavuto ena amatha okha.

Mabvuto
Ayamba a Linux aja. Munthu akadwala mutu ati ika Ubuntu.

A Phiri a ku Chilenje
Chikondi, ine maseva anga onse ndi a Linux, koma apa ukumunamiza mwana. GIL ili ku Ubuntu monga mmene ilili ku Windows. Onse awiri amatsata njira imodzi masiku ano, thread iliyonse ya pulogalamu ili ndi mnzake mu kernel, imodzi kwa imodzi. Kusiyana kuli pa kasankhidwe.

Windows ili ndi milingo 32 ya priority, kuyambira 0 mpaka 31, ndipo core imapita kwa thread yokonzeka imene ili pamwamba. Imakondera windo imene uli nayo kutsogolo, komanso thread imene yangodzuka kumene podikira kiyibodi imakwezedwa pang'ono kwa kanthawi. N'chifukwa chake ukamalemba kalata zilembo zimabwerabe msanga ngakhale kumbuyo kukuyenda ntchito yolemera.

Linux kuyambira 2007, pa kernel 2.6.23, inkagwiritsa ntchito scheduler yotchedwa CFS imene analemba Ingo Molnár. Iyo imasunga kaundula wa nthawi imene thread iliyonse yadya pa core, n'kumasankha amene wadya pang'ono kuposa anzake. Ukasintha nambala ya priority yotchedwa nice, imene imayambira pa -20 kufika pa 19, ukungosintha kukula kwa gawo lake. Mu 2023, pa kernel 6.6, m'malo mwake munalowa EEVDF, imene imasungabe chilungamo chomwecho koma imayang'ananso amene akufunika kuyankhidwa msanga.

Ife amene tinayamba kale timakumbuka LinuxThreads, njira yakale ya mathread pa Linux, pamene thread iliyonse inkaoneka pa ps ngati process payokha, ndi PID yakeyake, masiginolo n'kumasochera. NPTL, imene inalowa m'malo mwake, itabwera ndi kernel 2.6 mu 2003 ndi pamene tinapuma. Mpaka lero Linux m'kati mwake sisiyanitsa kwenikweni process ndi thread. Zonse ndi task, zimabadwa ndi clone, kungoti ina imauzidwa kuti igawane memori ndi kholo lake, ina ayi.

Chikondi
Chabwino amdala, za Ubuntu zisiyeni. Koma tisamuopseze mwana ngati mathread ambiri ndi tchimo. Kuntchito kwathu tili ndi pulogalamu imene imafunsa ma API akunja. Pempho lililonse limapita ku seva ya ku Johannesburg kapena ku Europe n'kubwerako, ndipo nthawi yonseyo thread ilibe chochita, ili mtulo, sidya CPU. Pamenepo mathread 50 pa macore 4 ndi nzeru, ngakhale mu Python momwemo, chifukwa thread ikamadikira netiweki imaisiya GIL. Ndiye munthu uyambe wadzifunsa kuti ntchito yangayi ikuwerengera kapena ikudikira. Ya Dalitso ikuwerengera, n'chifukwa chake yamukana.

Vuto limayamba ukafika masauzande. Pa Linux thread iliyonse imatenga 8 MB ya stack, pa Windows 1 MB. Mathread 1000 pa Linux ndi 8 GB kale, RAM yatha usanachite kanthu.

A Phiri a ku Chilenje
Imani kaye pamenepo. 8 MB imeneyo ndi malo olonjezedwa chabe. RAM yeniyeni kernel imapereka page ndi page, 4 KB nthawi imodzi, thread ikapondapo. Panga mathread 1000 ogona, tsegula htop. VIRT, malo olonjezedwa aja, ikwera mpaka kukuopsa, koma RES, RAM yeniyeni, ingosuntha pang'ono.

Chikondi
Komabe si aulere. Iliyonse ili ndi stack inanso m'kati mwa kernel, ndipo kusinthana kulikonse kuyenera kudutsa mu kernel. N'chifukwa chake ine ndinathawira ku chilankhulo cha Go. Goroutine, thread yopepuka ya Go, imayamba ndi stack ya 2 KB chabe, imakula ikafunika. Go imayendetsa magoroutine masauzande pa mathread ochepa a kernel, ndipo ina ikaima podikira netiweki Go yomweyo imalowetsa ina, kernel osadziwa n'komwe. A Java nawonso anaona ubwino wake, anabweretsa virtual threads mu Java 21 mu 2023. Nkhani yake ndi yakale, Dan Kegel analemba za C10K mu 1999, kufunsa kuti seva imodzi ingasamale bwanji anthu 10,000 nthawi imodzi. Pulogalamu ya seva yotchedwa Nginx inayankha mwa njira ina, maprocess ochepa, iliyonse ikuyang'anira ma connection ambirimbiri ndi epoll, osapanga thread ya munthu aliyense.

A Phiri a ku Chilenje
Pamenepo tagwirizana. Koma magoroutine 100,000 owerengera masamu pa macore 4 amathamanga ngati 4.

Yamikani (admin)
Uja amatumiza link za betting ndamuchotsa. Pitirizani, nkhani ikukoma.

Dalitso
Ndamva akuluakulu. Manje ndichite chiyani kwenikweni? Ndaona pa intaneti akutchula multiprocessing. Ndiike 4 kapena 8?

Tikambenji
Eya, multiprocessing, kapena ProcessPoolExecutor ngati ukufuna code yaifupi. Process iliyonse imakhala ndi Python yakeyake ndi GIL yakeyake, ndiye Windows imatha kuziika pa macore osiyana zonse n'kumayenda pamodzi. Memori sizigawana, choncho malangizo a mayi Zulu uwatsata ufune usafune: iliyonse ibweza total yake, iwe uphatikize.

Zinthu ziwiri zimene zimagwetsa anthu. Fayilo uidule m'zidutswa zikuluzikulu. Ukamatumiza mzere umodziumodzi, chilichonse chopita ku process ina chiyenera kukulungidwa ndi pickle n'kukamasulidwa uko, ndipo nthawi ithera pamenepo. Chachiwiri, pa Windows usaiwale if \_\_name\_\_ == "\_\_main\_\_": chifukwa process yatsopano imayamba n'kuwerenga fayilo yako kuchokera pamwamba. Popanda mzere umenewo Python ikugwetsera RuntimeError.

Python 3.13 imene inatuluka mu Okutobala 2024 ili ndi mtundu wina woyesera wopanda GIL, koma pa ndalama za amalume usayesere zinthu. Ndiponso GIL ikachoka, vuto la total lija limakula, silichepa.

Mayi Zulu
Za 4 kapena 8. Timabokosi 8 tija ndi hyper-threading, imene Intel inayamba kugulitsa mu 2002. Core imodzi imasunga maregister a mathread awiri, ndiye operating system imaiona ngati awiri. Koma zida zowerengera n'zomwezo, cache ndi yomweyo. Thread ina ikaima podikira data yochokera ku RAM, inzake imagwiritsa ntchito mpatawo. Phindu limakhalapo koma silifika kawiri, ndipo pa ntchito zina silioneka n'komwe. Yesa 4, yesa 8, uyeze ndi wotchi.

Usayembekezenso kuti macore 4 afulumizitsa kanayi. Gene Amdahl anazifotokoza mu 1967. Mu pulogalamu iliyonse muli gawo limene silingagawidwe, kwa iwe ndi kutsegula fayilo, kuidula, ndi kuphatikiza pomaliza. Tinene kuti gawolo ndi 10% ya nthawi yonse. Macore 4 akupatsa liwiro pafupifupi katatu. Macore 8 enieni akupatsa 4.7. Ngakhale utagula macore 1000, sudzapitirira kakhumi, chifukwa 10% ija idzakhalabe ikuyenda yokha. Ndimauza ana kuti asanapemphe makolo laputopu yatsopano ayambe achita masamu amenewa papepala.

Mabvuto
Poyezapo ndilowererepo, chifukwa mwandiseka pachabe za fumbi. Dalitso, uyeze chaja ili pamagetsi. Magetsi akapita laputopu n'kutsalira pa batire, ambiri mwa makinawa amatsitsa liwiro la purosesa kuti batire ikhalitse. Ukayeza 4 uli pamagetsi, 8 uli pa batire, manambala ako ndi abodza.

Chinanso, core imodzi ikamagwira yokha purosesa imaikweza ndi turbo. Onse anayi akayaka, kutentha kumakwera, liwiro la iliyonse limatsika. Ndimatsegula malaputopu tsiku lililonse pabenchi panga. Ukachotsa fani upeza fumbi lomatana latseka ming'alu yonse ya heatsink, mpweya ulibe potulukira, thermal paste itauma mpaka kung'ambika ukaikhudza ndi sikuludiraiva. Purosesa yotero ikayandikira madigiri 100 imadzitsitsa yokha kuti isapse. Mwiniwake amabwera n'kumati ili ndi virus. Pa 13% ija fani inalibe mlandu, ndavomera za sisi Tikambenji, koma ukaifikitsa pa 100% ndi pamene udziwe ngati ikupuma bwino.

Dalitso
Ndayesa usiku magetsi atabwera kuno ku Kalingalinga. Total tsopano ikubwera imodzimodzi nthawi zonse, ndipo ikugwirizana ndi ya pulogalamu yakale ya thread imodzi. Ndi maprocess 4 yafulumira kwambiri. Ndi 8 yaonjezera pang'ono chabe, koma fani ikulira moti mlongo wanga anadzuka.

Tikambenji
Wachita bwino. Tsopano ukapeza nthawi yesa pandas, library ya Python ya matebulo, pa process imodzi yokha, masamu uwachite pa column yonse nthawi imodzi osati mzere ndi mzere. Loop yake imayenda mu C, ndipo usadabwe ikawapitirira maprocess ako anayiwo.

Limbikani
Pepani kulowerera, ndine watsopano, ndikuphunzira ku UNZA. Langa ndi la C++, ndiye GIL palibe. Ndili ndi mathread 4, ndipo ndinachita zimene mayi Zulu anena, aliyense ali ndi kauntala yakeyake. Ndinapanga array ya long long ya malo anayi, thread 0 imaonjezera pamalo 0, thread 1 pamalo 1, choncho. Loko palibe, yankho ndi lolondola. Koma ikuchedwa kuposa thread imodzi. Apa ndiye ndasokonezeka.

A Phiri a ku Chilenje
Takulandira Limbikani. Ili ndi funso labwino kwambiri pa onse afunsidwa sabata ino. Iwe ukuona makauntala anayi osiyana, koma purosesa ikuona chinthu chimodzi. Cache sisuntha data byte imodziimodzi, imasuntha chidutswa chotchedwa cache line, chimene pa Intel ndi AMD ndi ma byte 64. Long long ndi ma byte 8, anayi ndi 32, ndiye onse akukwana mu line imodzi. Core ikafuna kulemba mu line, iyenera kukhala mwini wake yokha, makope a macore enawo amafafanizidwa. Core 0 yalemba, yalanda line. Core 1 ikufuna kulemba pamalo ake, ikulandanso. Line ikungozungulira pakati pa macore anayi, kauntala iliyonse ikaonjezeredwa. Anthu amati false sharing. Code ndi yolondola, ndipo operating system ilibe chochita, kwa iyo mathread onse akuoneka otanganidwa 100%.

Thread iliyonse iwerengere mu variable yake ya m'kati mwa function, ilembe mu array kamodzi kokha pomaliza. Ngati makauntala ayenera kuonekera nthawi zonse, uwatalikitse ndi alignas(64), iliyonse ikhale mu line yake. Pa Linux perf c2c imakuonetsa line imene ikulimbiranidwa.

Limbikani
Ndasintha kukhala variable ya m'kati. Aaah amdala, yauluka. Mizere iwiri chabe.

Mabvuto
Sisi Tikambenji, inu a mafoni tandiuzani. Kasitomala amabwera ndi foni yolembedwa octa-core pabokosi, macore 8, koma ikamatsegula app imauma. Amandifunsa kuti 8 amenewo ali kuti, ine ndimasowa chonena.

Tikambenji
Ba Mabvuto, 8 amenewo si ofanana. Mafoni ambiri amatsata njira ya ARM yotchedwa big.LITTLE, imene inalengezedwa mu 2011: macore ena ndi amphamvu koma amadya batire, ena ndi ofooka koma osunga moto. Mafoni otsika mtengo ambiri amakhala ndi amphamvu awiri okha, ena alibe n'komwe, onse 8 ndi ang'onoang'ono. Android pansi pake ndi Linux, ndipo scheduler yake imayeza kulemera kwa thread iliyonse n'kusankha core yoyenera poganizira batire. Njira imeneyi, Energy Aware Scheduling, inalowa mu kernel yaikulu pa 5.0 mu 2019.

Koma kuuma kumene mukunenako nthawi zambiri mlandu ndi wathu olemba ma app. App iliyonse ili ndi main thread imodzi, ndipo ndi yokhayo imene imalandira chala cha munthu n'kukonza zooneka pa sikirini. Sikirini ya 60 Hz imafuna chithunzi chatsopano pa mamilisekondi 16 aliwonse. Wolemba app akaika ntchito yolemera pa main thread, monga kuwerenga database kapena kumasula chithunzi chachikulu, zithunzi zimadumphidwa, munthu amaona kugwedera. Ikakhala masekondi 5 osayankha chala, Android imatulutsa uthenga uja wofunsa ngati mutseke app kapena mudikire. Nthawi yonseyo macore 7 akhoza kukhala akungokhala. Za netiweki Android inachita kuletseratu kuyambira 3.0, ukayesa pa main thread app imagwa pompo.

Ife timayesera ma app pa mafoni athu abwino muofesi muli Wi-Fi, chilichonse chimaoneka bwino. Ine ndimasunga kafoni ka 2 GB mu diroo, ndipo app ndimakaiyesa ndili m'minibasi pa Great East Road netiweki ikubwera ndi kupita. Pamenepo ndi pamene zobisika zimatuluka. RAM nayonso ikachepa Android imapha ma app a kumbuyo, ndiye munthu akabwerera app imayambiranso pachiyambi, iye n'kumati purosesa ndi yofooka.

Chikondi
Kafoni ka mu diroo n'kofunika kuposa ma test ambiri amene timalemba.

Mayi Zulu
Popeza ndatchula Lock kumayambiriro, ndisachoke osachenjeza. Loko payokha ndi yotchipa ngati palibe wolimbirana nayo. Pa Linux imamangidwa pa futex, thread imaitenga osalowa mu kernel, kernel imaitanidwa pokhapokha wina akafunika kugonekedwa kuti adikire. Zimavuta maloko akakhala awiri. Inu olemba za ndalama za pafoni mvetserani. Thread ina ikutumiza ndalama kuchokera ku akaunti A kupita ku B, yatseka A, ikufuna B. Nthawi yomweyo ina ikutumiza kuchokera ku B kupita ku A, yatseka B, ikufuna A. Onse awiri adikirana mpaka kalekale, CPU ili pa ziro, log ili chete. Operating system siwalanditsa, kwa iyo ndi mathread awiri ogona basi. Mankhwala ake ndi lamulo limodzi pa code yonse: nthawi zonse yamba kutseka akaunti ya nambala yaing'ono, kaya ndalama zikupita kuti.

Palinso china chimene chinachitikira NASA. Mu July 1997 Mars Pathfinder itatera pa Mars, kompyuta yake, imene inkayendera operating system ya VxWorks, inayamba kudziyambitsanso yokha. Ntchito ya priority yotsika, yotenga za nyengo, inkagwira loko. Ntchito ya priority yapamwamba inkadikira loko yomweyo. Pakati pawo panali ntchito za priority yapakati zimene zinkalanda purosesa kwa yotsikayo, ndiye sinkapeza mpata womaliza n'kusiya loko. Wamkulu akudikira wamng'ono, wamng'ono watsekerezedwa ndi wapakati. Watchdog ikaona kuti ntchito yofunika sinachitike m'nthawi yake, inkayambitsanso makina. Akatswiri a ku JPL, labu ya NASA, anazipeza pa makina ofanana nawo padziko pano, n'kutumiza kusintha kumene kunayatsa priority inheritance, kuti wogwira loko azibwereka priority ya amene akumudikira mpaka ataisiya.

Mabvuto
Anthu akukonza makina ali ku Mars, ine kasitomala wa ku Matero ndimamuuza kuti abwere nayo ndione.

Chikondi
A Phiri, musanagone ndithandizeni changa. Service yanga ya Go ili mu container ya Docker, kabokosi kopatula pulogalamu pa seva, ndinaipatsa malire a ma CPU awiri. Seva yake ili ndi macore 16. Pa graph CPU sifika pamalire, koma mapempho ena amangoima pafupifupi mamilisekondi 100 popanda chifukwa, database ili bwinobwino. Ambiri amayankhidwa msanga, ochepa okha ndi amene amachedwa choncho.

A Phiri a ku Chilenje
Go yako ndi version iti, ndipo malirewo unaika ndi --cpus kapena --cpuset-cpus?

Chikondi
1.22, ndipo ndi --cpus=2.

A Phiri a ku Chilenje
Ndiye ndachiona. --cpus=2 sikupatsa macore awiri. Imakupatsa nthawi. Kernel imadula nthawi m'zigawo za mamilisekondi 100, ndipo pa chigawo chilichonse container yako ili ndi mamilisekondi 200 a CPU oti idye, pa core iliyonse imene ingapeze. Go ya version imeneyo imawerenga macore a seva, yaona 16, yaika GOMAXPROCS, chiwerengero cha mathread oyendetsa code ya Go nthawi imodzi, pa 16. Ntchito ikabwera yambiri nthawi imodzi, kapena garbage collector yoyeretsa memori ikadzuka, mathread 16 amathamanga pamodzi. Gawa 200 ndi 16, ndi mamilisekondi 12.5. Akatha amenewo kernel imaimitsa container yonse mpaka chigawo chithe, ndiye kuti 87.5 otsalawo aliyense waima, ndi pempho limene linali pakati laimanso. Graph yako imatenga avereji ya nthawi yaitali, n'chifukwa chake sikuonetsa kanthu.

Lowa mu container uwerenge /sys/fs/cgroup/cpu.stat, uyang'ane nr_throttled, nambala yosonyeza kuti container yaimitsidwa kangati. Ikamakwera, ndi chimenecho. Ika GOMAXPROCS=2 mu environment. Kuyambira Go 1.25 imawerenga yokha malire a container, koma kukweza version ndi nkhani ya tsiku lina.

Chikondi
Ndalowa. nr_throttled ikukwera ndikuyang'ana chonchi. Ndisintha usiku makasitomala akagona.

A Phiri a ku Chilenje
Ngati ma container ndi angapo, yamba ndi imodzi, inayo uisiye mmene ilili kuti mawa ukhale ndi poyerekezera. Ulembe nambala ya nr_throttled ya iliyonse usanayambe.